Nkhata ya Nthambi ya ku Dublin

Ndinadzuka kusanache, pampando wa kukhitchini pomwe ndinakhala ndikugona masiku atatu. Azimayi anali pabalaza, atayala mabulangete pansi, akuimba motsitsa mawu kuopa kusokoneza aneba. Kwathu azibambo akanakhala panja akuotha moto. Kuno ku Lucan, m'mphepete mwa mzinda wa Dublin ku Ireland, moto wapanja ndi mlandu, ndiye anadzazana m'galaja, atazungulira hita imodzi. Ndinapemphera korona, kenako ndinatsegula kabati kufuna taye. Pansi pa malaya anga panali nsalu yachipani, yopindidwa bwino. Anaiikapo ndi mkazi wanga asanapite kuchipatala ulendo womaliza.

Iye anali mlembi wa nthambi ya ku Dublin ya chipani china chakwathu. Ine sindinalowepo chipani. Zanga ndi kwaya ndi Misa yam'mawa. Tili kuno sitivota, koma nthambiyo inkakumana mwezi ndi mwezi m'holo ya parishi. Nthawi ya kampeni, akaweruka kokolopa ku eyapoti, ankakhala pafoni ndi abale akumudzi, mmodzimmodzi, kuwauza pochonga. Chisankho chitafika, chipanicho chinagwa mochititsa manyazi. Ngakhale kudera lakwawo, amene ankamuimira anatsalira kutali. Mipando yam'holo inayamba kusowa okhalapo. Wapampando anasiya kuyankha foni. Ena tinayamba kuwaona pazithunzi atavala nsalu ina. Mkazi wanga ankapitabe, n'kutsegula buku, n'kulemba maina a obwera, ngakhale atakhala atatu.

Ali m'chipatala anandipempha chinthu chimodzi: kumanda nkhata ya nthambi idzaitanidwe, ndipo isadzasowe woika. Ndinavomera.

Kutacha, azimayi anayatsa masitovu a gasi kuseri kwa nyumba, pansi pa lona, mvula ikuwaza cham'mbali. Anthu anayamba kufika. Ena anabwera pasitima kuchokera ku Dún Laoghaire, ena pabasi kuchokera ku Cork. Anzake akuntchito anabwera osavula majekete a shifiti. Mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe anabweretsa masangweji, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu, anafika dzana lake kuchokera ku Lilongwe komwe amagwira ntchito m'boma. Anandiimitsa pamasitepe.

"Alamu, zachipanizi tizisiye. Mwambowu ukhala pa laivi. Kumudzi aonera, mabwana anganso aonera. Ine ndikubwerera Sande, ndipo ndili ndi ana."

Sindinamuweruze. Ndikudziwa momwe chithunzi chimodzi chimasamutsira munthu kupita kuofesi yakutali. Ndinamuuza kuti iye asakhudze kanthu, aime kutali ndi kamera. Koma nkhatayo ndinaiika ndekha m'galimoto, ndipo nsalu ija ndinaiika mkati mwa jekete.

M'tchalitchi bambo mfumu anaphimba bokosi ndi nsalu yoyera, ndipo ndinakhutira. Pamaso pa guwa nsalu ndi imeneyo basi. Titatuluka, galimoto zinayenda pang'onopang'ono kudutsa pamlatho wa Liffey. Bambo wina wokalamba amene ankadikira basi anavula chipewa n'kulemba chizindikiro cha mtanda.

Kumanda kunali mphepo. Bokosi litatsitsidwa, ogwira ntchito anatseka dzenje ndi thabwa lokutidwa ndi udzu wapulasitiki, monga achitira kuno, poti makasu satipatsa. Woyendetsa mwambo, bambo amene akuchita maphunziro apamwamba kuyunivesite, anayamba kuitana nkhata. Anaitana ya banja, ya mpingo, ya kwaya, ya anzake akuntchito, ya bungwe la Amalawi. Kenako anapinda pepala n'kupempha pemphero lotsekera. Nkhata imodzi inali ikadali paudzu wonyowa.

"Achimwene, yatsala imodzi," ndinatero.

Anasendera pafupi n'kunong'ona. "Bambo, imeneyo tinagwirizana kuti tiisikipe."

"Ine ndinagwirizana ndi amene wagona apayu. Itanani."

Anaitana, mawu ali pansi. Palibe anasuntha. Wapampando wa nthambi anali pansi pa ambulera, akuyang'ana nsapato zake. Pafupi naye panali nkhope zomwe zinadya m'nyumba mwanga nthawi ya kampeni, zikuimba mpaka aneba kugogoda khoma. Ndinadikira nthawi yokwana kunena Atate Athu mmodzi. Kenako ndinatulutsa nsalu ija, n'kuikoleka pamapewa, pamwamba pa suti.

Kumbuyo wina anati, "Chipani chakufa, chafikadi pamalo pake."

Ena anaseka pang'ono. Sindinacheuke. Ndinanyamula nkhata, n'kuyenda, n'kugwada m'matope. Ndisanaiike pansi ndinamva mapazi. Azimayi awiri, amene ankakhala ndi mkazi wanga m'holo muja ena onse atathawa, anamasula mabatani a makhoti awo. Nsalu anali atazimanga m'chiuno kuyambira m'mawa. Anagwada mbali ndi mbali, ndipo nkhatayo tinaiika tonse atatu.

Wamkulu mwa iwo podzuka anayang'ana bambo amene ankajambula ndi foni. "Jambulani bwinobwino, achimwene. Kuluza tinaluza, koma akaone kuti sitinasamuke."

Pageti la manda mlamu wanga anatulukira kuseri kwa mtengo komwe anaima nthawi yonseyo. Maso ake anali ofiira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kugwira nsonga ya nsalu ija.

"Alamu, mwaivala mozondotsa. Mtsogoleri wanu mutu uli pansi. Achemwali akanakukalipirani."

"Si wanga," ndinamuyankha.

"Lero ndi wanu," anatero, n'kuikonza yekha ndi manja ake.

Madzulo anthu anabalalika, ambiri akuthamangira shifiti. Azimayi anatsuka miphika n'kupinda mabulangete. Mlamu anagona msanga m'chipinda chapamwamba. Nsalu ija ndinaiyanika pahita, matope akadali m'mphepete. Buku la nthambi linali pashelefu pomwe malemu ankalisiya, bolopeni ili mkati. Ndinatsegula tsamba lotsatira pomwe dzanja lake linathera, n'kulemba tsiku, n'kulemba maina a azimayi awiri aja. Kenako pamzere wachitatu ndinalemba langa.