Chikho cha mwana wanga ndinamwa ndine

Uthenga unandipeza ndili m'madzi mpaka m'mawondo, ndikuvuula chinangwa chimene ndinaviika. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachiwiri, anatsika akuthamanga, khanda kumsana, kalata m'mwamba.

"Amayi, amuna anga awalemba ntchito! Awapatsa galimoto ya thanki ya mafuta, ya ku Dalesalamu!"

Ine chinangwa pansi, nthungululu m'mwamba. Lululu! Mwana wanga, wanga ine, amene anatha zaka akutsuka matayala a anzake, lero wakhala pa mpando wa dalaivala. Sukulu ine ndinangoinunkhiza, zolemba zanga ndi zokhotakhota izi, koma kuimba ndimatha, ndipo ndinaimba kuchokera kunyanja mpaka pakhomo.

Kalatayo inanenanso kuti akubwera ndi sitima kudzapuma sabata imodzi. Adzabwerera ndi sitima ya Loweruka, ndipo m'mawa mwake akayamba ntchito ku Mzuzu.

Kwathu ku Mbungo munthu sapita ulendo wautali kukhosi kuli gwa. Timamuphikira mowa wotsanzikana, ndipo uyenera kupsa tsiku lenileni la sitima. Chikho choyamba amatunga ndi malume, wapaulendo amamwa ataimirira, anthu onse akuona, kuti njira yake iyere. Malemu amuna anga popita ku Joni anamwa chikho chimenechi ndi azing'ono ake a chikhocho, mpaka tinawakweza m'bwato ngati thumba la usipa. Anapita bwino, anabwera bwino.

Ndiye ndinagula mawere kwa amalonda a kutsidya, ndinamiza chimera, ndinawerenga masiku ndi zala. Mbiya ndinakabisa kwa alongo anga, amalume ake a mnyamatayo, kuti adzangodzidzimuka.

Anafika. Eee, anafika! Jekete yachikopa, nsapato zolemera ngati nangula, pachilumba pamene tonse timayenda wapansi. Lolemba anazungulira abale. Lachiwiri anapita ku Chipyela ndi anzake akale, anamwa botolo, mwina awiri, anabwera akuseka. Ine mumtima: seka, mwanawe, zenizeni zili kwa amalume ako.

Loweruka m'mawa mbiya zinatuluka zikuchita thovu. Anthu anadzaza pansi pa mlambe. Alongo anga anavala chipewa chawo cha ku mgodi, anatunga chikho, anatambasula dzanja.

"Imirira, mphwanga. Imwa, njira iyere."

Mwana wanga anaimirira, koma manja anawaika kumbuyo.

"Amalume, pepani. Lero sindingamwe."



Anafotokoza mofatsa. Kuntchito kwawo kuli lamulo: dalaivala, ngakhale ali patchuthi, asakhudze mowa kwa tsiku lathunthu asanagwire chiwongolero. Pachipata pali kachipangizo konga wenzulo. Umauziramo, kakanunkhiza mowa kamalira, makiyi amakulanda pomwepo. Iye anali watsopano, akanali kumuyesa. Kulira kamodzi, ntchito yatha.

"Mukanandipatsa Lachitatu, amayi, ndikanamwa mbiya yonse."

Lachitatu! Ine Lachitatu ndinali kalikiliki kuuletsa mowawo kuti usapse msanga.

"Galimotoyo ili kuti?" anafunsa alongo anga, akuyang'ana uku ndi uku. "Pa Likoma pano ugunda chiyani? Mlambe uwu?"

Anthu anaseka.

"Ili ku Mzuzu, amalume. Ndikayigwira mawa."

"Ndiye abwana akowo ali ndi mphuno yowoloka nyanja? Ife ku Joni tinkalowa mumgodi Lolemba mutu ukulira ngati ng'oma, palibe anatinunkhiza!"

"N'chifukwa chake zala munabwera nazo zisanu ndi zinayi, achimwene," ndinatero ine.

Anaseka onse, iwonso anaseka, koma dzanja sanabweze.

"Sitima imeneyi inayamba yafikapo tsiku lake? Ibwera mawa, kapena mkuja. Imwa, uphwera m'njira."

"Nanga ikabwera lero, amalume?"

Apa kuseka kunatha. Dzanja la munthu wamkulu linali m'malere, mowa ukudontha. Chikho cha malume sichibwerera mumbiya. Chikabwerera, anthu amati mphwake wawakayikira, ndipo wapaulendo amapita njira yosayera. Ndinaona nkhope ya alongo anga ikuda. Ndinaona mpongozi wanga akufinya khanda pachifuwa, maso ali pa mwamuna wake. Mwana wanga ndimamudziwa, ndi wofewa mtima. Dzanja lake linayamba kutuluka kumbuyo kuja.

Ine ndimaphika mowa, inde, koma kumwa ayi. Ndimangoviika chala n'kulawa. Ndine mayi wa bulawuzi yoyera, wa benchi lachiwiri kutchalitchi. Koma tsiku limenelo miyendo inanyamuka yokha.

"Achimwene, bweretsani kuno."

"Achemwali, si chanu ichi."

"N'changa. Munthu uyu ndinamusenza miyezi isanu ndi inayi. Chimene ndinkadya ine, ankadya iye. Chimene ndinkamwa ine, ankamwa iye. Munali kuti inu kuti mutsutse? Lero ndimumweranso. Tambasulani bwino dzanjalo, nenaninso mawu anu."

Anandiyang'ana, anayang'ana anthu. Gogo wina wa ku Yofu anati, "Wanena zoona, mimba ndi imodzi." Alongo anga anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene wapeza potulira katundu.

"Imwa, njira iyere."

Ndinamwa nditaimirira. Gu, gu, gu, mpaka pansi. Mayo ine, chinthu chowawasa chotere anthu amachiyendera mtunda? Mlambe unapendekeka pang'ono, kenako unaweramira kwa ine ngati ukundipatsa moni. Ndinayambitsa nyimbo, sindikumbuka iti. Akuti ndinavina ndi mthiko m'manja. Akuti ndinauza mkulu wa mpingo kuti maulaliki ake ndi aatali kuposa msewu wa ku Dalesalamu. Zimenezo ndi zonena anthu. Mwana wanga anamwa thobwa, zikho zitatu, akugwa ndi phwete.

Ndipo sitima, sitima ija yosadziwa tsiku, inalira dzuwa likanali pamutu. Alongo anga anangovula chipewa n'kuchivalanso.

Mwana wanga atapita, mutu wanga utaphwa, mawu anga omwe anayamba kundiluma. Ndanena ndekha pamaso pa anthu kuti chimene ndamwa ine wamwa iye. Nanga zikakhala zoona? Nanga kawenzulo kaja kakanunkhiza chikho changa m'kamwa mwa mwana wanga? Ndinamufunsa mpongozi wanga. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, mchombo anadula kalekale!"

"Seka, iwe. Sunabereke wamkulu."

Lamulungu ndinapemphera, mutu ukugunda, maso pansi kuopa mkulu wa mpingo. Ndinamwa madzi ambirimbiri, kuti ngati pali kotsukika, atsukike.

Lachitatu mpongozi wanga anapita ku Chipyela, kusitolo kumene kunali foni. Ndinamuona akubwera patali, akuthamanganso, khanda likudumpha kumsana.

"Anauzira, amayi! Kanakhala chete! Ali ku Dalesalamu!"

Akuti mnzake wina amene anachokera ku ukwati anauzira, kanalira, anabwerera kwawo ndi chikwama. Ndinamumvera chisoni mayi wake, kulikonse kumene ali. Kenako, lululu!

Alongo anga anafika oyamba, chifuwa patsogolo. "Mwaona? Chikho changa chagwira ntchito."

"Chikho chanu, mutu wanga," ndinatero.

Kuyambira pamenepo mowa wa mwana wanga ndimauwerengera kuti upse Lachitatu. Wa Loweruka ndi thobwa, ndipo amalume ake amatunga thobwalo nkhope ili ngati akupereka mankhwala a malungo.

Koma tsiku la uthenga wa foni lija tinasangalala, ee, tinasangalala! Anabwera alongo anga a zala zisanu ndi zinayi ndi akazi awo. Anabwera gogo wa ku Yofu, mboni yanga. Anabwera make mpongozi wanga ndi nkhuku kukhwapa, azakhali ake a mnyamatayo onse awiri, mkamwini wanga wosoka maukonde, mayi wa kutsidya amene anandigulitsa mawere, anzanga a benchi lachiwiri akundiyang'ana cham'mbali. Anabweranso mkulu wa mpingo, anadalitsa ulendo wa mwana wanga, ndipo pemphero lake linali lalifupi.