Atelala a m'bokosi la amayi

Mdzukulu wanga Tadala anabwera kuchokera kusukulu ndi kansalu ka silika, akuti akuphunzira za Atchaina akale. Tili m'basi ya ku Beaumont Leys, kuno kutsidya kwa nyanja kumene tikukhala, anandifotokozera m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti nsalu imeneyi ankalipirira asilikali ndi kugulira akavalo, ndipo woulula chinsinsi cha mbozi zopanga ulusi wake ankaphedwa. Nditakakhudza, zala zanga zinakumbuka duku la amayi.

Linali limodzi lokhalo, lobiriwira, loterera ngati madzi, koma linali ndi kabowo pakona. Mmwenye wa ku Limbe amene anawagulitsa anati ulusi wake umapangidwa ndi mbozi zodya masamba a mabulosi. Ine, ndili mwana nthawi imeneyo, ndinasunga mawuwo. Ukwati wa achemwali utayandikira, ndinatola mphalabungu zodzaza chipewa, n'kuzitsekera m'bokosi pamodzi ndi dukulo ndi masamba a mabulosi kuti zisoke kabowoko.

M'mawa wa ukwati amayi anatsegula bokosi. Fungo linafika mpaka pakhonde, ndipo duku linali mawangamawanga akuda.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndimati zikusokereni, amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. "Atelala akowa ndi aulesi. Ndiponso watitayitsa ndiwo."

Analichapa, n'kulipinda mobisa mawanga, n'kulivala. Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo kwawo, maso ali pa banga limodzi lomwe linkasuzumira pakhosi.

Ndinawalonjeza lina ndikadzakula. Anamwalira ndili kuno, ndikudutsa masitolo odzaza silika, ndikumati ndigula mawa.