Chilombo cha Mano a Mpunga

Pazenera la kalasi yathu ku Mufakose, mu Harare, panakhala chilombo chadongo, mutu wophwatalala ngati fosholo, mano ake a mpunga. Sindinachiumbe ine, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka kamtima kamandiwawa.

Linali dzinja, achule akusokosa m'ngalande zonse. Aphunzitsi anatisonyeza chithunzi cha nyama yamakedzana ya m'madambo, imene inatha anthu asanakhaleko. Anati inali pachibale ndi makolo a achule, ndipo yangotsala mafupa m'miyala. Aliyense akaumbe yake kunyumba.

Sindinade nkhawa. Amalume anali anga. Akaweruka kufakitale ankandikonzera chilichonse. Koma chaka chimenecho anali atapita ku Tete kumaliro a mayi aang'ono, n'kubwerako ndi mwana wamkazi wa malemuwo. "Ndi mng'ono wako uyu," anatero amayi, n'kumugawira bulangete langa. Anamulowetsanso kalasi yanga. Chishona sankachidziwa, ukamuyankhula ankangoyang'ana pansi. Ine ndinkati ndi matama.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, amalume anakakumba dongo kudambo. Ine anangondiponyera chibuma: "Ndiwe wamkulu iwe, udziumbira." Kenako anakhala ndi mwana uja pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akumugwira zala, akumuyankhula Chichewa chakumudzi chimene ine, mwana wa mu Harare, ndinkangochimva mwa apo ndi apo. Ine ndinaumba ndekha. Changa chinatuluka ngati mbatata yamiyendo, mwendo wina n'kuthothoka chisanaume. Lero ndikuvomera kuti chawo chinali chokongola, koma tsikulo ndinkapemphera kuti mvula ichisungunule.

Atabaya timbewu ta mpunga m'kamwa mwa chilombocho, mwanayo anachiyang'anitsitsa n'kunena motsitsa, "Amalume, mano achepa."

Amalume anadzambatuka, dongo lili m'manja, n'kuthamangira kukhitchini. Amayi anatsegula thumba la mpunga wa Khirisimasi, womwe ine ndikangousuzumira ankandikalipira, n'kuwatapira dzanja lodzaza. Onse awiri maso anali atafiira. Ine ndinakalira kuseri kwa nyumba, mbatata yanga ili m'manja, ndipo palibe ananditsatira.

M'mawa mwake aphunzitsi anasankha chilombo cha mwana uja, ana onse n'kumuunjirira. Ndinaona kukondera kokhakokha: mwana wobwera dzulo akungotchula mano, anthu akuluakulu n'kumathamanga. Sindinkadziwa kuti chiikireni mayi ake m'manda, amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba.