Amalume Anati "Kaya", Inu Munalemba Kuti Ali ndi Nyumba

Amalume anga akugona pakhonde la chigayo cha mpunga ku Wovwe, koma m'fayilo ya ofesi ina pa boma akuti ali ndi nyumba. Nyumba yake iti? Ndilozereni, ndikawasesere.

Amalumewa anapita kunkhondo ku Congo. Anabwerako khutu lakumanzere litagontha, ndipo amakuwa kutulo. Akazi awo anatopa nazo, ananyamuka ndi ana. Kanyumba kawo kanagwa ndi madzi osefukira chaka chatha. Kwanga akukana okha, chifukwa tsiku lina atadzidzimuka anagwira mwana wanga pakhosi, kumuyesa mdani. Analira kwambiri, ndipo chichitikire zimenezo sanagonenso m'nyumba mwanga.

Mu Ogasiti kunabwera bungwe lothandiza asilikali opuma ntchito. Ankalemba opanda pokhala kuti awapatse malata ndi simenti. Amalume analembetsa. Sabata yatha anzawo alandira. Iwo ayi.

Lachiwiri ndinasiya mpunga wanga pamsika n'kukwera minibasi. Ndinafika ku ofesi ya bungwelo 8 koloko. Chitseko chokhoma. Hafu pasiti naini ndi pamene kunatulukira bambo amene ankalemba mayina uja, tayi ili pakhosi. Akuti ndidikire, ayambe amwa tiyi. Fayilo anaitulutsa 11:20.

"Mayi, bambowa ali kwawo. Ndinawafunsa kuti mumakhala kuti, iwo anati kaya."

Amalume akaona munthu wa cholembera amaima chilili n'kuyankha m'Chichewa, mmene anazolowerera ku usilikali. "Kaya" wawoyo anali wa Chichewa, woti sindikudziwa. Nanga munthu wopanda pogona ayankhe chiyani? Koma bamboyu akuti iye anamva Chitumbuka, "kukaya", kumudzi. Basi n'kulemba kuti ali ndi nyumba.

Ndinati, "Adada, ku Karonga kuno mwakhala zaka zingati?" Akuti naini. Ndinati, "Ine ndakupatsani monire wa Chitumbuka m'mawa uja, mwandiyankha m'Chichewa. Ndiye Chitumbuka chinakugwerani tsiku limenelo lokha, pa liwu limodzi lokhalo?"

Akuti ndisamuphunzitse ntchito.

Ndinapempha kuona pepala la olandira. Analiphimba ndi chikhatho, koma anachedwa. Pa nambala 14 panali dzina la amalume, lokhwatchidwa. Pamwamba pake dzina lina, la inki yobiriwira, mudzi wake ku Mwenilondo. Ndipo kunja kuno akudziwa aliyense kuti bamboyu anakwatira komweko.

Sindikuti waba. Ndikungofunsa. Ngati mu Ogasiti munalemba kuti ali ndi nyumba, dzina lawo linafika bwanji pa pepala la olandira? Analikhwatcha ndani, liti? Wa inki yobiriwirayo nkhondo anaimenyera kuti? Kapena "kaya" ameneyu mwachita kumufunafuna malata atapita kale?

Mtima ukundiwawa. Mwini chigayo wanena kuti mwezi ukatha akufuna khonde lake, aziikapo matumba. Kumapiri kwayamba kale kuda. Munthu amene anasiya khutu lake m'nkhalango za eni, mvula imupeze pamtetete chifukwa cha liwu limodzi?

Potuluka ndinafunsa kuti zimenezi akonza liti. Bambo uja anakweza mapewa.

"Kaya."

Ndinati, "Ehe! Ndiye tanthauzo lake mumalidziwa!"

Inu amene muli ndi achibale opuma usilikali, musawalole kukalembetsa okha. Muime pambali, muwerenge chimene chalembedwa asanadinde chala. Ndipo inu a ku ofesi, Lolemba 8 koloko ndikubwera ndi amalume, mphasa yawo ndi bulangete lawo. Tidzayala pakhonde panu. Poti munalemba nokha kuti ali kukaya, kukaya kwawo kukhala pamenepo mpaka malata awo atuluke.