Nsalu Imene a Mzere Sanasite

Mumsewu mwathu tonse timangowatchula kuti a Mzere, chifukwa buluku likadutsa m'manja mwawo limatuluka ndi mzere wakuthwa ngati lumo. Ine ndimasoka nsapato tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi khonde lawo. Zambiri ndaziona ndili pampando wanga.

Kusita anaphunzirira ku hotela, m'chipinda chapansi chopanda zenera, ndipo anagwirako kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Hotelayo itagula makina, anawauza kuti akapume. Sanapume. Anakhoma tebulo pakhonde, n'kuyalapo bulangete lakale, n'kugula simbi ziwiri, yamagetsi ndi yamakala yothandiza magetsi akazima. Kutentha kwa simbi sayesa ndi malovu ngati ena. Amangoiyandikiza patsaya.

Ulaliki wawo unali umodzi. Mayi akabweretsa malaya a mwamuna wake okha, iwo ankafunsa kuti, "Nanga matewera a mwana?"

"Matewera asitidwe? Akupita ku ofesi?"

"Sekani, mayi. Ntchentche ikamaikira mazira pa chovala chili padzuwa, imafunsa ngati n'cha ku ofesi? Kusita si kunyada ayi. Moto uwu ukupha mazira. Mukaleka, mphutsi ilowa m'khungu."

Akatero ankatembenuza chovala n'kuyendetsa mlomo wa simbi m'misoko monse, mmene wina aliyense sangayang'anemo.

Akazi awo ankagulitsa masamba pamsika. Anali mayi wamkamwa mopepuka. Pobwera madzulo ankaima pakhonde n'kundikuwira kuti, "Achimwene, mwamuonatu mnzanuyu? Malaya a eni akuwasisita tsiku lonse, ine msana ukuwawa!" A Mzere ankangomwetulira, maso ali pa kolala.

Kenako mayiwo anagwa pamsika. Anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa panapotoka, mawu anatsala owerengeka. Mwana wawo ndi mmodzi, wamkazi, wokwatiwa mumzinda wina. Anabwera kudzawatenga.

"Bambo, ntchito ndi matenda simungazithe zonse. Ndiwatenge amayi."

"Uwatenge? Ndi katundu? Amayi akowa ndakhala nawo iwe usanabadwe. Palibe angawasamale kuposa ine."

"Chabwino. Koma ndikadzapeza kuti mwalephera, sindidzakufunsaninso."

A Mzere anakokera bedi pafupi ndi zenera loyang'ana pakhonde kuti azionana. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, n'kubwerera pa tebulo. Anaonda, koma nyumba sinanunkhe matenda.

Dzinja linafika pamodzi ndi kutsegulira kwa sukulu. Mayunifolomu anaunjikana mpaka pakhomo. Dzuwa linkangotuluka pang'ono n'kubisala. Tsiku lina anachapa nsalu ya pabedi ya odwalawo, koma chingwe chinali chodzaza ndi zovala za makasitomala, choncho anaiyanika pa udzu pafupi ndi ngalande. Masana magetsi anazima. Makala ouma anatsala ongokwana m'manja, ndipo pakhonde panali amayi odikira. A Mzere anatola nsalu ija, anayang'ana simbi, anayang'ana mulu wa mayunifolomu, n'kulowa ndi nsaluyo m'nyumba.

Patapita masiku, anaoloka msewu n'kuima patsogolo panga. Si munthu woyenda nthawi ya ntchito.

"Achimwene, tadzandigwirirani munthu."

Tinawatembenuza mayiwo chammbali. Kumsana kunali zotupa zofiira, chilichonse chili ndi kabowo pakati. A Mzere anapakapo mafuta okhuthala kuti zamkatizo zisowe mpweya, tinadikira, kenako anafinya ndi zala zawo zamanthu. Kamphutsi koyera kanatuluka kakudzipinda. Anachita chimodzimodzi mpaka zonse zinatha. Mayiwo sanalire. Anangoyang'ana khoma.

"Pepani, amayi," anatero a Mzere.

Panja anandiuza motsitsa mawu. "Amayiwa anandiona ndikuyala nsalu ija. Anaigwira ndi dzanja labwinoli, anamva kuti ndi yozizira, anayesa kunena. Ine ndinati, 'Gonani, ndili ndi anthu panja.'"

Kuyambira tsiku limenelo ulaliki unatha. Mayi wina anawaseka kuti, "Lero simufunsa za matewera, agogo?" Iwo anangopinda malaya n'kumupatsa.

Mwana uja anabwera kumapeto kwa mwezi, zilonda zitayamba kuuma. Ndinali pakhonde lawo, ndikumanga lamba wa chikwama chake amene anaduka m'basi. Anasambitsa amayi ake, anatuluka akupukuta m'manja, nkhope ili yowala.

"Bambo, amayi anenepatu! Koma kumsana kuli zipsera. Ndi zithupsa za kutenthaku eti? Ngakhale mdzukulu wanu zamutuluka m'khosi monse." Anakhala pansi pambali pa tebulo. "Ndinakuchimwirani, bambo. Mukuwasamala ndithu. Mawa ndibwerera mtima uli m'malo."

Simbi inaima pamalo amodzi. A Mzere anainyamula isanapsereze, n'kuiimika. Anayang'ana pazenera. Mayiwo anali maso, akuwayang'ana.

"Si zithupsa," anatero a Mzere. "Ndi mphutsi. Ndinawagoneka pa nsalu yosasita."

Mwanayo anaseka kaye, kuyesa nthabwala. Ataona nkhope ya bambo ake, anaimirira.

"Inuyo? Inu amene munkandibweza panjira ya kusukulu chifukwa cha sokosi?"

"Ine ndemwe."

"Zovala za eni zinapeza moto, ya amayi ayi?"

"Inde."

Anaphimba kumaso ndi thaulo. Atalichotsa, mawu ake anali ofewa koma owawa. "Nanga mwandiuziranji? Bwenzi nditapita osadziwa."

"Amayi ako akudziwa. Ndikanatembenuka bwanji kukawadyetsa?"

Mwanayo analowa m'nyumba. Zenera linali lotsegula, tonse tinamva.

"Amayi, nenani nokha. Mukhale, kapena tipite?"

Mayiwo akafuna kulankhula amayamba alimbana ndi lilime. A Mzere anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Atopa," anatero mayiwo.

"Ndani watopa, amayi? Inu?"

"Abambo ako."

Tsiku lonselo a Mzere sanakhudze chovala cha kasitomala. Anatulutsa za akazi awo zonse, madiresi, mipango, zamkati, n'kuzisita chimodzichimodzi, kunja ndi mkati. Mwanayo anati, "Bambo, kwathunso simbi iliko." Iwo anangopitiriza.

M'mawa kunabwera galimoto ya hayala. Tinawanyamula mayiwo n'kuwakhazika kumpando wakumbuyo, mitsamiro uku ndi uku. A Mzere anaweramira pazenera kuti atsanzike. Anali atavala malaya a dzulo, okwinyika, kolala ina itapindikira mkati. Mayiwo anatambasula dzanja labwino lija, anaigwira kolalayo, anayesa kuiwongola. Zala zinalephera. Anayesanso. Woyendetsa analiza injini, a Mzere n'kubwerera m'mbuyo.

Galimoto itakhota pakona, anakhalabe chiimire pakati pa msewu mpaka wanjinga anawaimbira belu. Pakhonde panali patafika kale bambo wina wa tayi, akuyang'ana wotchi.

"A Mzere, zanga zija zatheka?"

"Sizinatheke."

"Aa! Inuyo? Nanga ndivala chiyani?"

"Bwerani mawa, bwana," anatero a Mzere. Analowa m'nyumba, n'kuyamba kukoka bedi kulichotsa pazenera.