Dzenje la a Fawzi

A Fawzi a m'tauni ya Naqada anakalambira pa ntchito yoomba nsalu. Chiyambire unyamata wawo ankakhala m'mphepete mwa dzenje la m'chipinda chawo chogwirira ntchito, miyendo ili m'kati, n'kumaponda timatabwa ta choombera chimene bambo awo anawasiyira. Mipango imene ankaomba ndiyo inalera ana awo onse.

Ogula atayamba kusowa, mwana wawo Medhat anabwerako ku Kuwait ndi maganizo otsegula golosale m'chipindamo. Tsiku lina anangotulukira ndi amisiri, mchenga ndi simenti.

"Bambo, tulukanimo, tikufuna kukwirira dzenjeli," anatero Medhat.

A Fawzi sanadzutse mutu. Anapitiriza kuponya ulusi uku ndi uku.

"Mukuferanji? Akuvalanso zimenezi ndani? Taonani msana wachita kupindika ngati chikwakwa!"

"Thira, mwana wanga," anayankha motsitsa mawu. "Undikwiririre momwemo."

Mmisiri wina anaima ndi fosholo yodzaza simenti, maso ali pa Medhat. Mayi Nawal, akazi awo a Fawzi, anagwira pakamwa ali pakhomo. M'chipindamo munkangomveka kugogoda kwa matabwa.

Medhat analanda fosholoyo n'kuyandikira, akupumira m'mwamba. Anayang'ana mapazi otupa a bambo ake akupondabe. Kenako anakhuthulira simentiyo pambali, n'kulemba mzere pansi kuzungulira dzenjelo.

"Mulekezere apa," anauza amisiriwo.

Golosale inatsegulidwa, yopanikizika. A Fawzi anaombabe pakona pawo, pakati pa matumba a shuga ndi mpunga, mpaka maso atafooka. Koma kwa miyezi yambiri, iwo ndi mwana wawoyo ankangopatsana moni basi.