Zitsa za pa Kaphiri

Mpaka lero ndikamva fungo la bulugamu mtima umandiwira. Ana anga amandiseka, amati mtengo unakulakwirani chiyani. Mtengo sunandilakwire ayi. Anandilakwira ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndipo ngakhale anatisiya kalekale, ine mkwiyo wanga sunapite nawo kumanda.

Kuseri kwa mudzi wathu, ukamachokera kunyanja ya Chilwa, kuli kaphiri. Nyanja itauma n'kudzadzanso, nsomba zinabwerera mwaukali, ndipo aliyense anasanduka wowamba milamba. Nkhuni zowambira ankadula pa kaphiri kameneka. Sipanapite zaka zambiri, kaphiri kanatsala mbee ngati mutu wometa mpala, zitsa zokhazokha.

Ndinali ndi mnzanga, mayi wamasiye wa ana atatu. Makolo ake anachokera kum'mawa, kutsidya kwa malire, koma iye anabadwira pathu pomwepa, ndipo tinabatizidwa tsiku limodzi. Tsiku lina tikutola tizinyatsi tophikira, anaima pa chitsa cha msuku chimene chinali chitaphuka mphukira zambirimbiri.

“Anzanga, taonani kuno,” anatero. “Mitengoyi sinafe. Mizu ili moyo. Vuto ndi loti ana achuluka pa bere limodzi.”

Anasolola chikwanje n'kudula mphukira zonse, kusiya ziwiri zokha zonenepa. Anati bambo ake ankatero, ndipo ziwirizo zimakula msanga kuposa mbande iliyonse chifukwa zimayamwa ku mizu yakale. Ine ndinamuseka. Ndinati iwe ntchito zakuchepera, ukulera zitsa ngati ulibe ana kunyumba. Koma Lachitatu lotsatira ndinapita naye, kenako anadza amayi ena, mpaka tinakwana gulu.

Palibe anatituma, palibe anatilipira. Lachitatu lililonse tikaweruka ku mpunga tinkakwera kaphiri ndi zikwanje. Udzu ukayamba kuuma tinkalambula njira yozungulira kaphiri konse kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Tinathamangitsa mbuzi, tinakangana ndi owamba nsomba mpaka ena analeka kutipatsa moni. Amuna ankati amayi a zitsa apenga. Chabwino, tinapenga! Koma mwana wanga amene ndinkamubereka kumbuyo poyamba paja asanafike sitandade faifi, mitengo inali itatipitirira kutalika kawiri.

Koma kukoma kwake! Masuku akapsa tinkadya mpaka mimba kuuma, titakhala pansi miyendo tantha, tikunena amuna athu. Luzi lomangira tinkasenda momwemo, kunthambi zokha, osati kuthunthu. Munthu akafuna mtengo wa denga ankapempha gulu, ndipo tinkamusonyeza woti adule. Chachikulu chinali bowa. Mvula ikakhazikika, nthawi imene nkhokwe zili mbee ndipo mpunga ukadali mbande, utale unkatuluka pansi pa misuku ndi miombo, waukulu ngati mbale. Kwa ife ena bowayo anali ndiwo chabe. Kwa mnzanga uja, amene analibe mwamuna wokamuphera nsomba, bowa ndiye ankadyetsa ana ake miyezi ya njala. Bowa wina ankaumitsa, wina ankasinthanitsa ndi ufa.

Ndiye kunabwera alamu. Iwowa anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Tangoganizani, mkamwini, munthu wodzakwatira, amene sanadulirepo mphukira ngakhale imodzi! Anabwera kuchokera kumsonkhano ndi mawu akuti pa tsiku lobzala mitengo kudzabwera alendo akuluakulu, ndipo nthambi iliyonse isonyeze malo amene yabzala. Mbande za bulugamu zibwera pa lole, m'machubu. Malo opanda munda m'mudzi monse anali amodzi okha: kaphiri kathu kaja.

Ndinawatsatira kunyumba kwawo madzulo omwewo.

“Alamu, pa kaphiri mitengo ilipo kale. Alendowo akaone imeneyo.”

“Lija ndi tchire, alamu,” anayankha akumasula nsapato. “Mitengo imakhala m'mizere. Mukufuna alendo akanene kuti tcheyamani wa kuno anawaonetsa tchire?”

“Nanga bwanji osabzala m'mipata? Kapena dulani, koma zitsa musiye.”

“Zitsa zizulidwe. Chingwe choyezera mizere sichingawongoke pali zitsa.”

Chingwe! Zaka zonse zija, thukuta lonse lija, kuti chingwe chiwongoke. Ndinatuluka osatsanzika.

Amayi tinapangana. Pamsonkhano wa mudzi mnzanga ayambe kulankhula, popeza ndiye ankaidziwa mitengo, kenako ndiimirire ine, chifukwa kaphiri kali pa dothi la amayi anga ndipo tcheyamani ndi mlamu wanga. Ena onse atsatire pambuyo panga. Ndinalumbira ndine, ndi pakamwa panga pomwepa. Ndinati ameneyo sangandiopseze, anabwera pano ndi kasutikesi kamodzi.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu. Achinyamata a chipani anaima kumbuyo kwathu, manja kumbuyo. Mnzanga anagwada bwinobwino, nalankhula mwaulemu. Anati pansi pa bulugamu sipamera bowa, ndipo chitsa ukazula sichibweranso. Anapempha kuti mbandezo tibzale m'mbali mwa msewu, ife tidzathirira tokha.

Alamu anamusiya amalize. Kenako anamwetulira.

“Mayi, kodi inu kwanu kwenikweni n'kuti?”

Tonse tinamva chimene ankatanthauza. Masiku amenewo munthu akangonenedwa kuti ndi wobwera wotsutsa chitukuko, sankadziwa kumene akagone mawa lake.

“Pali wina wogwirizana ndi maganizo amenewa?” anafunsa alamu. “Aimirire, timuone.”

Mnzanga anacheuka n'kundiyang'ana. Amayi onse anayang'ana ine. Achemwali anga, amene anakhala pafupi nane, ananditsina pantchafu mpaka chikhadabo kulowa, n'kundinong'oneza kuti ganizira ana. Ndinaganiza za ana, ndinaganiza za ndime yathu ya mpunga, ndinaganiza za anyamata aja kumbuyo. Ndinayang'ana pansi, n'kuyamba kukonza mpango umene sunasokonekere. Palibe anaimirira.

Tinazula milungu iwiri. Amuna ankagwetsa ndi nkhwangwa, ife amayi tinkakumba zitsa ndi makasu, ndipo amene sanabwere ankalembedwa dzina. Ndani ankadziwa pamene pali chitsa chilichonse? Ife tomwe. Alamu ankachita kutifunsa kuti alamu, chatsala kuti china, ife n'kumalozera. Mizu ya msuku ndi yaliuma, imapita kutali, ndipo inkatuluka yaiwisi, ikudontha madzi. Anaiunjika pakati n'kuitentha, utsi wake unakuta mudzi masiku atatu. Nkhuni zabwino zinapita kwa owamba nsomba omwe aja tinkakangana nawo, ndipo ankatiseka podutsa. Alamu sanamulole mnzanga kugwira khasu. Anamuika pa ntchito yotunga madzi kuchokera kumtsinje, ndowa pamutu, kukwera ndi kutsika tsiku lonse, kuti aphunzire mwambo. Mnzangayo sanandinene, sananditukwane. Bola akanandilavulira malovu.

Kenako alamu anakoka chingwe chawo chija, ndipo chinawongoka ndithu. Tinakumba maenje m'mizere, aliyense kutalikirana ndi mnzake ndodo imodzi yoyezera.

Tsiku lija alendo anabwera pa magalimoto awiri. Ife amayi tinavala nsalu zofanana, tinaimba kuyambira m'mawa dzuwa likutiwotcha. Alamu anavala jekete yobwereka, manja ake ofika kuzala. Polankhula anauza alendo kuti pano panali tchire lobisala njoka, koma amayi a mudzi uno anadzipereka okha, popanda malipiro, kwa zaka zambiri, kukonza malo ano kuti pakhale nkhalango. Bodza lake linali loluka ndi zoona, n'chifukwa chake linandipweteka chotero. Ndiye anatchula dzina langa. Anati uyu ndiye mtsogoleri wa amayi odzipereka, abwere abzale mtengo woyamba.

Anthu anaomba m'manja. Ndinapita. Mlendo wamkulu anandipatsa kambande, kotalika ngati chala, ndipo ndinagwada pa dzenje loyamba. Ndinkalidziwa dzenje limenelo, panali msuku wa masuku otsekemera kuposa yonse. Ndinang'amba chubu, ndinakwirira, ndinatsendera ndi manja. Madzi othirira anabweretsa ndi mnzanga. Anatula ndowa pambali panga n'kubwerera kumbuyo.

Mlendo anandigwira chanza. Alamu anandiyang'ana, nakweza nsidze pang'ono, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu. Sinali yongonamizira ayi. Inatuluka yaikulu, yaitali, yomveka mpaka kudambo, amayi onse n'kulandira. Mlendo anaseka mokondwa, anati amayi a kuno ndi amoyo.

Ndakhala ndikuwatukwana alamu mumtima zaka zonsezi, ndipo sindidzaleka. Anali munthu wamantha wovala ukali, anagulitsa chakudya cha ana amasiye kuti amuombere m'manja anthu amene sanamufunse n'komwe dzina. Achemwali anga nawonso ndinatha chaka osalowa m'nyumba mwawo. Koma ntchafu yotsinidwa siletsa munthu kuimirira. Zimenezo ndimazidziwa, ndipo zimandinyansa.

Magalimoto atapita, anthu anabalalika. Ndinatsika kaphiri ndekha, ndipo panjira ya kumtsinje ndinamupeza mnzanga akutsuka ndowa, mwana wake wotsiriza ali pambali. Ndinaima. Ndinafuna kunena kuti pepa, kuti nanenso ndili ndi ana, kuti mvula ikadza ndidzakugawira ufa. Koma ndinangoyang'ana ndowa ija.

Iye anakhuthula madzi, anadzuka, nasenza ndowa yake. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumpango.

“Nthungululu ija inamveka bwino, anzanga,” anatero. “Kani pakamwa pamatseguka.”

Anagwira mwana wake padzanja n'kumapita.